Kupeza Mulungu m'masiku wamba: mmene mungawerengere nkhani ya Rute ndi Naomi

Pali dandaulo limene anthu ambiri opemphera amangolisunga mumtima. Amamva anzawo akuchitira umboni za zozizwitsa, koma iwo akayang'ana masiku awo amangoona zomwezomwezo: kudzuka, ntchito, wodwala wofunika kumusamalira, ngongole yosatha, kugona. Pang'ono ndi pang'ono amayamba kukayika ngati Mulungu amadutsako kwawoko. Munthu wotere atsegule buku la Rute. Lili ndi mitu 4 yokha, mavesi 85, ndipo mulibe mngelo, mulibe mneneri, mulibe nyanja yogawikana pakati. Palibe amene akulota loto kapena kumva mawu ochokera kumwamba. Muli njala, maliro atatu, akazi amasiye, ntchito yokunkha m'munda mwa eni, ndi nkhani ya malo yokambidwa pachipata cha mudzi. Komatu ukafika kumapeto sukayika kuti Mulungu analipo kuyambira pachiyambi.

Njira ili m'munsiyi ndi yophunzirira kuona zimene wolemba bukuli ankaona, kenako n'kutembenuzira maso omwewo pa moyo wanu. Mufunika Baibulo, kope ndi pensulo. Zambiri mungathe kuchita nokha, koma chakumapeto mufunika mnzanu. Sabata zinayi, mutu umodzi pa sabata, n'zokwanira.

Choyamba: werengani buku lonse nthawi imodzi, mokweza

Patulani mphindi 20, muwerenge kuyambira vesi loyamba mpaka dzina lomaliza osaima. Mokweza, chifukwa mavesi oposa theka ndi anthu akuyankhulana, ndipo khutu limagwira zimene diso limalumpha.

Musanayambe, bwererani tsamba limodzi m'mbuyo. Buku la Oweruza likutseka ndi mawu akuti masiku amenewo kunalibe mfumu mu Israeli ndipo aliyense ankachita zomukomera. Mitu yake yomaliza, 19 mpaka 21, ndi yoopsa, makamaka kwa akazi. Nthawi imeneyo ndi imene mkazi wachilendo akudzuka m'mawa kupita yekha kumunda kwa anthu osawadziwa. Betelehemu ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kumwera kwa Yerusalemu, pamene Mowabu anali kum'mawa kwa Nyanja Yakufa, m'dera limene lero lili m'dziko la Jordan. Amowabu sanali alendo wamba ayi: Deuteronomo 23:3 inkawaletsa kulowa mumsonkhano wa Yehova. N'chifukwa chake wolemba satopa kumutchula kuti Rute Mmowabu ngakhale titamudziwa kale.

Mukafika pa 1:16, pa mawu otchuka aja olonjeza kupita kumene mnzako akupita ndi kukhala kumene akukhala, muone amene akunena ndi amene akuuzidwa. Anthu amakonda kuwawerenga pa ukwati, koma sananenedwe kwa mwamuna. Ndi Rute, mkazi wamasiye, akuuza Naomi apongozi ake, nawonso amasiye, ali pamsewu, atauzidwa kale kuti abwerere kwawo.

Chachiwiri: werenganinso ndi pensulo m'manja

Ulendo uno lembani zizindikiro ziwiri. Paliponse pamene wolemba nkhaniyo mwini wake akunena kuti Mulungu wachita chinthu, dulani mzere kunsi kwake. Paliponse pamene munthu wa m'nkhani ndi amene akutchula dzina la Yehova, kapena Chauta malingana ndi Baibulo limene muli nalo, lembani kamtanda m'mbali.

Mizere mupeza iwiri basi. Pa 1:6 Naomi wamva ali ku Mowabu kuti Yehova wayendera anthu ake n'kuwapatsa chakudya. Pa 4:13 Yehova wamupatsa Rute pathupi. Chakudya ndi mwana: zinthu zimene zimachitika tsiku lililonse m'dziko lonse lapansi, zimene sitiziwerengera ngati zozizwitsa mpaka titazisowa. Naomi anadziwa njala, ndipo Rute anakhala m'banja loyamba osabereka, choncho kwa iwo sizinali zazing'ono.

Timitanda tokha ndi tambirimbiri. Naomi akudalitsa apongozi ake, akazi a ana ake, pamsewu. Boazi, mwini munda umene Rute anakakunkhamo, akupereka moni kwa antchito ake m'dzina la Yehova, iwo akumubwezera dalitso. Akulu a pachipata, akazi a m'mudzi, aliyense dzina la Mulungu lili pakamwa. Pakati pa mizere iwiri ija, zonse zikuchitika ndi manja a anthu. Mukaliona tsamba lanu litadzaza timitanda ndi mizere iwiri yokha, mwagwira kale mmene bukuli limayendera, ndipo mwina ndi mmenenso chaka chanu chimaonekera.

Chachitatu: mulekeni Naomi adandaule, nanunso mudandaule

Sabata yoyamba khalani m'mutu 1. Naomi anachoka ku Betelehemu ndi mwamuna wake Elimeleki ndi ana aamuna awiri, Maloni ndi Kiliyoni. Patatha zaka pafupifupi 10 onse atatu anali m'manda kudziko la eni. Akulowa m'mudzi mwawo, akazi akufunsana kuti, kodi ameneyu ndi Naomi? Iye sakuyankha kuti zonse zili bwino mwa chisomo. Akuti asamutchulenso Naomi koma Mara, kutanthauza kuwawa, chifukwa Wamphamvuzonse wamuchitira zowawa kwambiri. Anapita wodzaza, Yehova wamubweza wopanda kanthu.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti palibe amene akumudzudzula. Akazi aja sakumutseka pakamwa, wolemba naye sakumukonza. Naomi sanataye Mulungu. Akumuimba mlandu, ndipo munthu saimba mlandu amene sakhulupirira kuti alipo.

Tengani kope lanu, lembani tsamba limodzi la zimene zakuwawani, kulembera Mulungu mwachindunji. Musathire shuga. Ngati mumtima muli mawu akuti munandisiya, lembani momwemo. Ambiri amalephera kuona Mulungu m'moyo wawo chifukwa amayamba ndi kunama, kuthokoza pakamwa mtima uli kwina, ndipo zonse zomangidwa pa bodzalo sizikhala.

Mukatha, werenganinso 1:21 ndi 1:22 motsatizana. Pamene Naomi akunena kuti wabwera wopanda kanthu, Rute waima pambali pake. Mkazi amene wasiya bambo ndi mayi ake ndi dziko lobadwira, wayenda naye ulendo wonsewo, sakuwerengedwa n'komwe. Chisoni chimatero. Tsopano kunsi kwa dandaulo lanu, osafufuta chilembo ngakhale chimodzi, lembani mayina a anthu amene anatsala nanu. Mwina ndi mmodzi. Mwina ndi munthu amene simunamufune, monga Naomi sanafune kuti Rute amutsate.

Za Olipa, mpongozi winayo, musamuweruze. Analira, anapsompsona apongozi ake, anachita zimene anauzidwa. Bukuli silimunenera choipa chilichonse. Ena anachoka pa moyo wanu chifukwa mphamvu zawo zinathera pomwepo.

Chachinayi: pitani kumunda, mukaone mmene mwayi umapangidwira

Apa ndi pamene pali mtima wa ntchito yonseyi, choncho musafulumire.

Pa 2:3 wolemba akuti Rute anapita kukakunkha ndipo zinangochitika kuti anafika m'munda wa Boazi, wachibale wa Elimeleki. Zinangochitika. Wolemba amene amadziwa kumene nkhani ikupita wasankha kuyankhula ngati mmene ife timayankhulira: mwamwayi ndinakumana ndi uje. Kwa Rute tsikulo linali wamba. Anaona munda, anapempha kwa kapitawo, anawerama n'kuyamba kutola.

Tsopano funsani kuti panafunika chiyani kuti mwayi umenewo ukhale chakudya m'nyumba. Panafunika lamulo: Levitiko 19:9-10 ndi Deuteronomo 24:19-21 zinkalamula mwini munda kuti asakolole mpaka m'malire, asabwerere kukatola zogwa kapena mtolo woiwalika, zimenezo ndi za mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Panafunika mwini munda womvera lamulolo m'masiku amene aliyense ankachita zomukomera. Panafunika kapitawo wonena zoona atafunsidwa, kuti mkaziyu wagwira ntchito kuyambira m'mawa, wangopuma pang'ono. Panafunikanso msana wa Rute.

Onani zazing'ono zimene wolemba wasamala kutiuza. Boazi akumuuza kuti akamva ludzu amwe m'mitsuko imene anyamata atunga. Nthawi ya chakudya akumuitana kuti asunse mkate wake m'vinyo wowawasa, akumupatsa tirigu wokazinga, iye akudya n'kukhuta n'kusungako. Atanyamuka, Boazi akulamula anyamata ake kuti azisolola ngala zina m'mitolo n'kuzisiya pansi, ndipo asamukalipire. Madzulo Rute akupuntha zimene watola, zikukwana efa wa balere, malita pafupifupi 22, akusenza mpaka kumudzi, n'kutulutsanso mkute uja kupatsa apongozi ake. Naomi akufunsa kuti wakunkha kuti lero, ndipo atamva dzina la Boazi, pakamwa pomwe paja panatuluka Mara pakutuluka dalitso. Sanaone masomphenya. Anaona balere ndi mkute.

Ntchito yanu ya sabata imeneyi ndi iyi. Madzulo aliwonse sankhani chinthu chimodzi chimene chayenda tsikulo, ngakhale chochepa, ndipo muchilondole chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti mwana anatentha thupi usiku ndipo pofika m'mawa wamwa mankhwala, wagona. Musangolemba kuti zikomo Ambuye n'kutseka kope. Lembani amene anadzuka kukutsegulirani chitseko, amene anakuperekezani mumdima, namwino amene anali pantchito pamene anzake akugona, amene anakuuzani kalekale kuti kutentha kotere si kodikira nako kuche. Mufike pa manja atatu kapena anayi. Pena mupeza kuti dzanja limodzi ndi lanu, monga Rute anali ndi gawo lake pa efa uja. Lilembeninso, si kudzikuza.

Chenjezo lili pawiri. Musathamangire kulengeza kuti chilichonse chongochitika ndi uthenga wochokera kumwamba. Wolemba anati zinangochitika n'kusiya pomwepo. Naomi anatchula Yehova madzulo, ataona zotsatira. Kuona dzanja la Mulungu nthawi zambiri kumabwera pambuyo, ndipo munthu wofuna chizindikiro pa chilichonse amatha n'kudzinamiza kapena kuopseza anzake. Komanso musaukometse umphawi. Boazi anachita kulamula anyamata ake kuti asamukhudze mkaziyo, ndipo Naomi anamulangiza kuti asapite kumunda wina kuopa kuti angamuchite chipongwe. Kukunkha inali ntchito ya anthu otsikitsitsa, yoopsa kwa mkazi. Ndipo mutu 2 ukutha mosasangalatsa: Rute anakunkha mpaka kutha kwa kukolola balere ndi tirigu, pafupifupi sabata 7, n'kumakhalabe ndi apongozi ake. Kukolola kwatha, akadali amasiye awiri. Ngati kope lanu likuonetsa chakudya cha lero chokha, vuto lalikulu lili pomwepo, muli pa 2:23, simunasochere.

Chachisanu: londolani mapemphero, muone amene akuwayankha

Gawani tsamba pakati. Kumanzere lembani pemphero kapena dalitso lililonse la m'bukuli, kumanja lembani mmene linakwaniritsidwira.

Pa 1:9 Naomi akupempha kuti Yehova awapatse apongozi ake mpumulo, aliyense m'nyumba ya mwamuna wake. Pa 3:1 Naomi yemweyo akuuza Rute kuti, mwana wanga, kodi ndisakufunire mpumulo? Ndiye akukonza dongosolo. Pa 2:12 Boazi akupempha kuti Yehova, amene Rute wathawira pansi pa mapiko ake, amulipire mokwanira. Pa 3:9 Rute akumuuza Boazi kuti amufunditse chovala chake, popeza ndiye wowombola, wachibale amene ali ndi udindo wopulumutsa banjalo. Kunena kwina, chitetezo chimene munandipempherera chija, perekani ndinu. Kawiri konse wopemphera ndi amene akukhala yankho.

Izi zikafika pa inu zimaluma pang'ono. Lembani mayina a anthu amene mumawapempherera kawirikawiri. Pambali pa dzina lililonse yankhani funso limodzi: pa zimene ndikumupemphera munthuyu, n'chiyani chili kale m'manja mwanga? Kwa ena yankho likhala lakuti palibe, ndipo pitirizani kupemphera mtima uli m'malo. Kwa ena mupeza kuti mumadziwa munthu wofuna wantchito, muli ndi chipinda chosagonamo munthu, kapena muli ndi madzulo amodzi oti mungakhale ndi wodwala kuti womusamalira akapume. Sankhani dzina limodzi, chitani chinthucho sabata isanathe.

Pochita, tengerani kachitidwe ka Boazi. Ngala zija anazigwetsa mwadala koma mwakachetechete, kuti Rute atole ndi manja ake n'kubwerera kunyumba ndi zimene wagwirira ntchito. Thandizo lochititsa manyazi wolandira limasiya bala.

Chachisanu ndi chimodzi: mutu 3 muuwerenge mosamala

Usiku wa padwale, pamene Boazi ankapeta balere, si chitsanzo choti mtsikana atengere pofuna banja, ndipo amene amauphunzitsa choncho amaulakwira. Dongosolo la Naomi linali loika moyo ndi mbiri ya Rute pachiswe. Linayenda chifukwa cha miyambo ya Aisraeli ya kuwombola malo a wachibale ndi kusunga dzina la womwalira, imene mungaiwerenge pa Levitiko 25:25 ndi Deuteronomo 25:5-10, komanso chifukwa Boazi anali munthu wodziletsa amene anasamala kuti mkaziyo asanenedwe.

Choti mutengepo n'chakuti akazi awiriwa sanakhale pansi kudikira. Naomi anati Boazi adzakuuza chochita, koma atafika ndi Rute amene anamuuza Boazi chochita. M'kope lanu lembani pempho limodzi limene mwakhala mukuliopa, loyenera, kwa munthu amene ali ndi udindo wolimva. Onaninso 3:17: Boazi akumupatsa miyeso 6 ya balere kuti asapite kwa apongozi ake wopanda kanthu. Ndi mawu a Naomi aja a pa 1:21 akubwezedwa.

Chachisanu ndi chiwiri: pezani mboni

Mutu 4 ukuyamba ndi zinthu zouma. Boazi wakhala pachipata, waitana akulu 10, waimitsa wachibale wina amene anali pafupi kuposa iye. Munthuyo akuvomera kugula munda, koma atamva kuti pali Rute akubweza mawu kuopa kuwononga cholowa chake, n'kuvula nsapato monga unalili mwambo wotsimikizira mgwirizano. Wolemba sanatipatse ngakhale dzina lake. Musalumphe ndimeyi. Tsogolo la akazi awiri linadalira kuti nkhani ya malo iyende mwachilungamo, pamaso pa mboni. Amene ntchito yawo ndi mapepala, misonkhano ndi kusainira zinthu aone kuti nawonso bukuli lawapatsa malo.

Mawu omaliza olankhulidwa m'bukuli ndi a akazi a m'mudzi, omwe aja anafunsa kuti kodi ameneyu ndi Naomi. Iwo ndi amene akutamanda Yehova, akumuuza Naomi kuti mpongozi wake amene amamukonda amaposa ana aamuna 7, ndipo ndi iwo akutcha mwanayo dzina lakuti Obedi. Chimene Naomi sanachione tsiku lofika, anzake amuonera n'kumuuza. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma pamafunika wina wokuuza kuti kalumoko kali m'nyumba mwako.

Choncho sabata yachinayi pezani munthu amene anakuonani pa nthawi yanu yowawa, osati amene wakudziwani dzulo. Muwerengereni zina za m'kope lanu, zimene mungathe, ndipo mumufunse kuti, inu mukuonapo chiyani chimene ine sindikuona? Mukatero khalani chete, mumve. Ngati mukuchita pagulu, gwirizanani kuti wina akamawerenga dandaulo lake palibe womulalikira kapena kumuponyera vesi, ndipo zimene zanenedwa zitsale pomwepo. Gulu la anthu anayi kapena asanu limayenda bwino kuposa lalikulu, chifukwa aliyense amapeza mpata.

Pagulu lotere pamakhala amene nkhani yawo sinathe ndi ukwati kapena mwana. Musawauze kuti Boazi wawo akubwera. Bukuli silinalonjeze zimenezo kwa aliyense. Naomi yemwe anafukata Obedi, koma Elimeleki, Maloni ndi Kiliyoni sanabwerere. Ndipo mndandanda wa mayina wotseka bukuli, Obedi kubereka Jese, Jese kubereka Davide, umene Mateyu 1:5 akuutenga n'kuikamo dzina la Rute mumzere wa makolo a Yesu, ndi ife owerenga amene tikuuona. Akaziwo ankangodziwa kuti m'nyumba muli khanda ndi chakudya.

Mukatsiriza sabata zinayi

Ngati kope lili ndi zochepa, musadzikakamize kupeka. Bwerezani ntchito ya madzulo ija kwa mwezi wina, ndipo muwerenge zakale zonse pamodzi pakutha pa mweziwo, chifukwa zina zimaoneka pokhapokha masiku ataunjikana.

Njira yomweyi imagwiranso pa nkhani zina za akazi. Yesani azamba Sifira ndi Puwa pa Eksodo 1, amene anakana lamulo la Farao ali pantchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Ana aakazi asanu a Tselofekadi pa Numeri 27, amene anapempha cholowa cha bambo wawo ndipo lamulo linasintha. Abigayeli pa 1 Samueli 25, amene analetsa kukhetsa magazi ndi katundu wa chakudya pa abulu. Kapena Dorika pa Machitidwe 9, amene akazi amasiye anamulira akuonetsa zovala zimene anawasokera. Yovuta kwambiri ndi ya Estere. M'mitu yake 10 yochokera ku Chihebri dzina la Mulungu silitchulidwa ngakhale kamodzi, ngakhale kuti Mabaibulo okhala ndi ndime zowonjezera za Chigriki amalitchula. Kumeneko mizere ndi timitanda sizikuthandizani, choncho yambirani pa kulondola manja, makamaka pa mutu 6, usiku umene mfumu inasowa tulo n'kuitanitsa buku la mbiri ya ufumu.